Chaka Chachisanu cha Digiri Yanga

Pamene ndinkayamba digiri n'kuti nditaphunzitsa kale zaka zingapo pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi pa Ulongwe. Ndinkakhala m'nyumba ya aphunzitsi ya zipinda ziwiri, ine ndi mwana wanga wamkazi yemwe anali asanayambe sukulu. Amuna anga anali ku Joni monga amuna ambiri akwathu. Ankasoka zovala m'shopu ya munthu wina, ndipo kumudzi ankabwera mwa apo ndi apo. Ntchito ndinkaikonda, koma mtima sunkakhala m'malo. Madzulo ndikamachonga makope pakhonde, maso ankangothawira kumsewu kumene maminibasi a ku Mangochi ankathamangitsana, ndipo ndinkaona ngati aliyense ali ndi kopita kupatula ine.

Digiri yake inali ya aphunzitsi amene ali kale pantchito. Sukulu zikatsekera, ife tinkanyamula zikwama kupita ku koleji kukakhala m'kalasi milungu ingapo. Zikatsegulira tinkabwerera kwa ana athu, n'kumawerenga tokha kunyumba, maasaimenti n'kumatumiza pafoni, kenako n'kupitanso kukalemba mayeso. Anatiuza kuti zonse zidzatha m'zaka zinayi.

Nkhawa yanga inali ya mwana. Ndinapita kwathu ku Nselema kukapempha amayi kuti andipatse mng'ono wanga adzikhala nane. Mng'ono wangayu samva. Anadwala kwambiri ali wamng'ono, pochira makutu anali atatseka, ndipo timawu timene anali atayamba kulankhula tinazimiririka. Sukulu anangoilawa, chifukwa panalibe mphunzitsi wodziwa chochita naye. Tinakula tikulankhulana ndi manja, zizindikiro zathuzathu zimene munthu wa khomo lina sakanatolapo kanthu. Nthawi imeneyo anali mtsikana wamkulu ndithu, wa manja aluso, ndipo mnyamata wina wokonza njinga ku Nkaya anali atatumiza kale amjomba ake kudzafunsira mbeta. Akuluakulu anagwirizana kuti nikaha, ukwati wathu wa Chisilamu, idikire kaye mpaka ine nditamaliza. Mwini wakeyo anandifunsa yekha, kukweza nsidze n'kutambasula dzanja: mpaka liti? Ndinayerekeza mvula ikugwa, n'kumuonetsa zala zinayi. Anaziyang'ana zalazo kanthawi, kenako anakalowa m'nyumba kukalongedza zovala zake.

Tsiku loyamba ku koleji anatisonkhanitsa m'holo, ndipo mayi wina, mkulu wa dipatimenti yathu, anatifotokozera mmene digiri imayendera. Chaka chili ndi masemesita awiri, semesita iliyonse ili ndi makosi ake. Kosi iliyonse ili ndi kulemera kwake, amati makirediti, ndipo munthu savala gauni makirediti asanakwane. Makosi ena ndi okakamiza, aliyense adutsamo afune asafune, ena ndi osankha. Chaka choyamba tonse tidzaphunzira zofanana. Chachiwiri aliyense adzasankha phunziro lake lalikulu, lija amati meja, ndi lina laling'ono lotsagana nalo. Ananenanso kuti makosi ena ali ngati khomo: usanakhoze imeneyo, ya kutsogolo kwake sungaiyambe. Tonse tinagwedeza mitu. Zinkamveka ngati zonena za munthu wina, yemwe adzalephere, osati ife.

Chaka choyambacho chinanditopetsa ndi kudikira. Ine ndinapitira Chichewa ndi zinenero, koma anandikhazika pa kompyuta, pa kalembedwe ka Chingerezi, pa kaganizidwe ka ana ndi mbiri ya maphunziro. Ndinkangokhala kumbuyo. Mnzanga amene ndinkagona naye chipinda chimodzi anali mphunzitsi wa ku Balaka, mayi wofatsa amene malamulo a pakoleji ankawadziwa ngati anawalemba yekha. Ndikamadandaula ankangondiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kupitiriza kusita bulauzi yake. Kunyumba zinthu zinkayenda bwino. Mng'ono wanga ankanditumizira zithunzi pafoni: mwana akudya, mwana atamuluka tsitsi, nkhuku itaswa. Mayeso ndinakhoza onse.

Amuna anga anabwera pa Idi chaka chimenecho, anakhala mwezi, n'kubwerera. Ndinalowa chaka chachiwiri ndili woyembekezera. Ndinasankha Chichewa kukhala meja yanga, laling'ono n'kutenga mbiri yakale, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinayamba kuthamangira m'kalasi. Koma panali kosi ina yokakamiza imene tonse, a zinenero ndi a sayansi omwe, tinkakumanako: masamu a kafukufuku. Tinkangoitchula kuti sitati. Sindinkaikonda koma sindinkaiopanso. Ndinali nditawerengera kuti ndilemba mayeso, ndibwerera ku Ulongwe, mwana adzabwera pambuyo pake.

Mwanayo anabwera sabata ya mayeso yomweyo, nthawi yake isanakwane. M'malo mokwera minibasi ya ku koleji ndinakwera yopita kuchipatala ku Liwonde, chikwama cha mabuku chili pamwendo, chifukwa ndi chimene chinali cholongedzedwa kale. Anali mwana wamwamuna, wochepa thupi, koma wa mawu.

Mnzanga wa ku Balaka ndi amene anakandinenera ku dipatimenti. Akuluakulu akumeneko anandilola kudzalemba mayeso mochedwa, limodzi ndi anthu a sapu, aja amene alephera pang'ono ndipo apatsidwa mwayi wolembanso. Mnzangayo anandichenjeza pafoni kuti wolemba mochedwa alibe sapu yake. Akagwa wagwa, kosiyo amaisenza mpaka chaka china.

Tinapita atatu, ine, khanda ndi mng'ono wanga. Mwana wanga wamkulu uja tinamusiya kwa amayi. Kunali kotentha moti phula linkanyezimira. Mapepala oyamba ndinalemba bwino, ndikatuluka n'kukayamwitsa pansi pa mtengo wa kesha umene unali pafupi ndi chipinda cholembera, pamene mng'ono wanga anayala chitenje. Sitati inali yomaliza, masana. Nditangoyankha funso loyamba, mwana anayamba kulira panja. Ndinkamumva bwinobwino pawindo. Mng'ono wanga amadziwa kulira kwa mwana poona nkhope kapena pomva kunjenjemera kwa kachifuwa akamubereka, koma tsiku limenelo anali atamugoneka pachitenje, atamuphimba ndi kansalu kuopa ntchentche, iye akuyang'ana kumene ophunzira ankadutsa. Sizinatenge nthawi yaitali kuti acheuke n'kumunyamula, koma kwa ine zinali ngati tsiku lonse. Mkaka unayamba kutuluka mpaka kunyowetsa diresi. Manambala ankasambira papepala. Ndinkawerenga funso, ndikafika kumapeto ndaiwala chiyambi. Mwana atatonthola makutu anga anakhalabe panja. Ndinapereka pepala nthawi isanathe, woyang'anira mayeso akundiyang'ana modabwa.

Zotsatira zitatuluka, makosi onse ndinakhoza kupatula imeneyo. Sindinade nkhawa kwenikweni. Ndinaganiza kuti kosi imodzi ndi katundu wopepuka, ndidzangoiwonjezera pa za chaka chachitatu basi. Semesita yachiwiri ndinaiphunzira mtima uli m'malo, khanda kumsana.

Zenizeni ndinazidziwa tsiku lolembetsa makosi a chaka chachitatu. Kompyuta inakana kundilowetsa mu kosi ya njira za kafukufuku. Ndinayesa kangapo, kenako ndinapita ku ofesi ya mkulu wa dipatimenti uja. Anandikhazika pampando, anafunsa za mwana, kenako anatenga choko n'kujambula pakabolodi kamene kanali kuseri kwa chitseko. Sitati imaphunzitsidwa semesita yoyamba yokha, kamodzi pachaka. Njira za kafukufuku nayonso semesita yoyamba yokha, ndipo imafuna munthu wokhoza sitati. Pulojekiti, kafukufuku wako wekha amene amatenga chaka chonse chomaliza, imafuna munthu wokhoza njira za kafukufuku. Choncho chaka chachitatu ndibwereza sitati, chachinayi nditenga njira za kafukufuku, pulojekiti ikagwera chaka chachisanu.

Ndinawapempha kuti andilole kutenga ziwirizo pamodzi. Ndinati ndidzawerenga usana ndi usiku, ndinati si umbuli unandilepheretsa, ndinafotokoza za mtengo wa kesha.

"Iyayi, mayi," anatero. "Ndikukumvetsani, koma kosi inayo imayambira pamene sitati yathera. Ndikakulowetsani lero, mugwa ziwiri m'malo mwa imodzi."

Ndinafunsa ngati pali wina wamkulu woposa iwo amene ndingakamuone. Anati alipo, ndipo anandilozera ofesi yake mosakwiya. Ndinapitako, ndinadikira pabenchi mpaka masana, yankho linali lomwelo. Nditabwerera, mayi aja anandiuza kuti popeza kosi ina yachoka, ndili ndi malo a kosi yosankha imodzi, ndipo ndi bwino ndiitengeretu kuti chaka chachisanu chidzakhale cha pulojekiti yokha. Pa makosi osankha amene sankagundana nthawi ndi sitati panali ya chinenero chamanja, ya ku dipatimenti ya ana ofunika thandizo lapadera. Ndinaisankha msangamsanga. Ndinkati ndakula ndikulankhula ndi manja, imeneyi ndiye ndikapumirako.

Amuna anga ndinawaimbira foni n'kuwauza. Anafunsa kuti zitheka bwanji kosi imodzi kudya chaka chathunthu. Ndinafotokoza, anafunsanso, ndinafotokozanso. Pamapeto anangoti Mulungu ndiye mwini nthawi, koma mawu awo ankamveka otopa. Iwo anali ataika mumtima kuti ndikamaliza n'kupita ku sekondale adzabwerera kumudzi kudzatsegula shopu yawoyawo.

Amene ndinkamuopa anali mng'ono wanga. Tsiku lomwe ndinafika ku Ulongwe ndinamuitanira kuseri kwa nyumba. M'zizindikiro zathu munalibe semesita, munalibe kosi, ngakhale mawu oti kulephera mayeso munalibe. Pafupi panali mulu wa njerwa zotsala pomanga kalasi. Ndinatola zinayi n'kuziika pamzere, iliyonse mvula yake. Pamwamba pake ndinaikapo timiyala. Ndinaloza kamwala ka panjerwa yachiwiri, n'kuyerekeza kulemba, n'kugwedeza mutu kukana. Ndinakasunthira panjerwa yachitatu, ka pachitatu ndinakakankhira pachinayi, ka pachinayi kanasowa pokhala. Ndinapita pamulu paja kukatenga njerwa yachisanu.

Anamva zonse, sindinafunike kubwereza. Anandionetsa zala zinayi pafupi ndi nkhope yanga, monga ndinachitira ine ku Nselema. Kenako anawerama, anatola njerwa yachisanu ija, anakaibwezera pamulu, anapukuta manja pachitenje n'kukapitiriza kuchapa matewera.

Munthu wosamva akafuna kukukanira nkhani amangotembenuza nkhope, basi yatha. Milungu yotsatira ndinkaona kwambiri msana wake. Ntchito ankagwira yonse, ana ankawasamala monga kale, koma ndikayamba kukweza manja iye maso ankapita kwina. Ine ndinkasowa pokhala. Ndinkatsegula buku la sitati, kulitseka, kutuluka panja, kubwerera. Nthawi zina ndinkayenda mpaka pamsika popanda chogula, n'kuima pamene amagulitsa chimanga ndikuyang'ana makondakitala akukanganirana anthu.

Kosi ya chinenero chamanja sinali yopumirako ayi. Mphunzitsi wake anali bambo wosamva, wamtali, wokonda kuseka. Tsiku loyamba lokha ndi limene anabwera ndi womasulira, pambuyo pake m'kalasi munkangomveka kukwekwesa kwa mipando. Ndinadzionetsa msanga kuti ndikudziwa kanthu. Atafunsa chizindikiro cha madzi ndinapereka chathu cha ku Nselema. Anaseka, anandifunsa pabolodi kuti ndinachitenga kuti, kenako anandionetsa chenicheni. Zinapezeka kuti chinenerochi chili ndi kasanjidwe kake ka mawu, nkhope ili ndi ntchito yake, malo amene waika dzanja amasintha tanthauzo. Anzanga amene anayamba opanda kanthu ankandipitirira, chifukwa manja anga ankathamangira zakale. Mayeso oyamba ang'onoang'ono ndinachita moipa, ndipo mantha anandigwira kuti nayonso ndiisenza. Ndinayamba kuyeserera paliponse. Tsiku lina mu minibasi, titadutsa pa Liwonde, kondakitala anaimitsa galimoto poganiza kuti ndikufuna kutsika, pamene ine ndinkangobwereza zilembo ndi zala.

Sitati ndinkaiphunzira ndi a chaka chachiwiri, anthu osawadziwa, anzanga ali m'chipinda china. Mnzanga wa ku Balaka ankabwera ndi nkhani za njira za kafukufuku, mmene amafunsira anthu mafunso, mitu imene ena ayamba kuganizira. Ankalankhula mosamala kuti asandipweteke, ndipo kusamalako ndi kumene kunkandipweteka.

Mphunzitsi wa zamanja uja ankatitumizira timavidiyo pafoni kuti tiziyeserera kunyumba. Popita kukaphunzitsa foni ndinkaisiya m'nyumba. Tsiku lina ndinabwerera nthawi yopuma kudzayamwitsa, ndipo ndinapeza mng'ono wanga atakhala pamkeka, foni ataitsamiritsa kukapu, manja akutsanzira bambo aja. Atandiona sanabise. Anandifunsa, kwa nthawi yoyamba pa milungu yambiri, kuti munthuyu ndani. Ndinamuuza kuti ndi mphunzitsi wanga, ndipo samva ngati iye. Sanakhulupirire. Anafunsa kawiri: mphunzitsi wa anthu akuluakulu, wosamva?

Tchuthi chotsatira tinapitanso limodzi ku koleji chifukwa mwana anali akuyamwabe. Tsiku lina tikutuluka m'kalasi, bambo aja anationa pakhonde ndikulandira mwana, anaona manja athu, n'kubwera. Anamupatsa moni mng'ono wanga. Mng'ono wangayo anayang'ana pansi monga timachitira kwa akulu, kenako anakumbukira kuti akayang'ana pansi samva kanthu, ndipo anakweza maso. Anayankha moniwo ndi chizindikiro cha m'kavidiyo. Anacheza nthawi yaitali, akusakaniza za m'kalasi, za ku Nselema ndi zina zongopeka pompo. Ine wa kosi ndinatsalira m'mbuyo, sindinathe kutsatira. Pamapeto bambo aja anandilembera papepala kuti ku Balaka kuli anthu osamva amene amakumana Loweruka, ndipo mng'ono wanga azipitako.

Anayamba kupita, poyamba ndi ine, kenako yekha. Ankadzuka m'mawa, kuphikira ana phala, kuvala hijabu yake yabwino n'kukaima pamsewu. Pobwera ankakhala ndi nkhani zambiri moti manja ankachita kupunthana. Kumeneko anapeza atelala, wometa tsitsi, mayi wina wogulitsa mandasi pasiteshoni, onse olankhula chinenero chimodzi. Pa miyezi yochepa anandipitirira kutali, n'kumandikonza ndikalakwitsa. Kosi ija ndinakhoza bwino chifukwa cha iye. Sitati nayo ndinakhoza, mosakometsa koma ndinakhoza.

Madzulo ena tikusankha mpunga pakhonde anaika lichero pansi n'kundifunsa funso limene sindinkaliyembekezera. Abambo athu anamwalira iye ali ndi zaka zochepa. Anafunsa kuti anamwalira ndi chiyani. Anati tsiku limenelo anangoona anthu atadzaza pabwalo, amayi akulira, amuna atanyamula jeneza, chonyamulira maliro, ndipo palibe anamuuza kanthu. Zaka zonsezi ankaganiza kuti mwina anagwa pamtengo, chifukwa dzulo lake anawaona akudula nthambi. Ndinamuuza kuti anali ndi nthenda ya mtima, anagwa akupita kumzikiti kukaswali m'mawa. Anafunsa ngati anavutika. Ndinati iyayi. Anatolanso lichero lija, tinapitiriza kusankha mpunga mpaka kuwala kunatha.

Chaka chachinayi chinali chothamanga. Ndinkaphunzira njira za kafukufuku ndi a chaka chachitatu, makosi a meja yanga ndi anzanga akale, ndipo semesita yachiwiri tonse tinatumizidwa kukayeserera kuphunzitsa ku sekondale. Ine anandiika pasukulu ina ya m'tauni ya Balaka. Ndinkanyamuka ku Ulongwe kusanatenthe, kusintha minibasi pamphambano, kubwerera dzuwa litapendeka, ndikugona m'njira. Anzanga ankayenda ndi mapepala a mapulojekiti awo, akudandaula za owayang'anira. Ndinkasirira ngakhale madandaulo awowo.

Mvula yachinayi itasiya, mng'ono wanga anandiuza kuti nthawi yake yakwana. Tsopano anali ndi mawu okwanira, sanafunike njerwa. Anati mnyamata wa ku Nkaya wadikira mokwanira, anthu ayamba kumunena, ndipo iyenso akufuna khomo lake. Anati ana anga amawakonda koma si ake.

Amayi atamva anabwera kuchokera ku Nselema. Iwo ankafuna kuti adikirebe chaka chimodzi, popeza mawu a akuluakulu anali oti mpaka ine nditamaliza. Amayi akakwiya Chichewa amachisiya, amalankhula Chiyao chokhachokha, ndipo tsiku limenelo analankhula chambiri, ine ndikumasulira ndi manja. Mng'ono wanga sanatembenuze nkhope. Anawayang'ana mpaka anamaliza, kenako anandiuza kuti ndiwauze kuti iye anavomera zinayi, ndipo zinayizo wazikwanitsa.

Amayi anatembenukira kwa ine. "Nanga iwe ukuti bwanji? Anawa akhala ndi ndani?"

Mumtima ndinkafuna atakhala. Ndinkadziwa chimene chikundidikira. Koma ndinawauza amayi kuti amusiye apite, kosi ndinalephera ndine.

Nikaha inachitikira kwathu nyengo yozizira. Mwamuna wake anali ataphunzirako zizindikiro zingapo kwa anzake a ku Balaka aja, ndipo ankazichita molakwitsa, iye n'kumaseka. Tinawaperekeza ku Nkaya, kukanyumba ka malata kufupi ndi njanji. Sitima ya katundu itadutsa, makapu pashelefu ananjenjemera, ndipo mng'ono wanga anaika dzanja pakhoma n'kundiyang'ana mokondwa. Anati imeneyi ndiye aziimva.

Chaka chachisanu chinali cha kosi imodzi yokha, koma ndi chimene chinandilemera kuposa zonse. Ndinkafuna kulemba pulojekiti ya ana osamva m'sukulu za kwathu. A ku dipatimenti anandikaniza. Anati pulojekiti iyenera kuchokera mu meja ya munthu, ndipo chinenero chamanja kwa ine chinali kosi yosankha chabe. Ndinakangana nawo pang'ono, kenako ndinagonja, n'kulemba za mmene ana olankhula Chiyao kunyumba amavutikira ndi kalembedwe ka Chichewa akafika ku sekondale. Mutuwo ndinadzaukonda pambuyo pake, koma poyamba ndinkaulemba ngati munthu wolima munda wa eni.

Kalasi kunalibe, anzanga kunalibe. Kunali ine, foni ndi bambo wina wondiyang'anira amene ankabweza mutu uliwonse utadzaza ndi ndemanga. Ndikatumiza ndinkayang'ana foni pophika, pochapa, ngakhale pakati pa phunziro. Akachedwa kuyankha ndinkaganiza kuti andiiwala, akayankha msanga ndinkaopa kutsegula. Mwana wanga wamkulu uja anali atayamba sukulu, koma wamng'ono ndinkamusiya kwa akazi a aphunzitsi anzanga, lero uyu mawa uyo, ndipo masiku ena ndinkalowa naye m'kalasi n'kumukhazika pakona ndi choko. Popita kukafunsa mafunso m'masukulu a ku Nselema ndinkamusiya kwa amayi, amene sankalephera kundikumbutsa kuti ndinadzifunira ndekha. Pakati pa chakacho mnzanga wa ku Balaka anatumiza zithunzi atavala gauni, anzathu onse atamuzungulira. Ndinamuyamikira, ndinaika foni m'thumba, ndinatenga ndowa kupita kumjigo ngakhale madzi anali odzaza m'nyumba.

Pulojekiti inadutsa pa ulendo wachitatu woikonza. Gauni ndinavala ndi anthu amene ndinkangowadziwa nkhope. Amuna anga sanathe kubwera, anaonera pafoni. Mng'ono wanga anali ndi pakati potopa, ndipo anatumiza kavidiyo akuwomba m'manja monga amachitira anthu osamva, manja m'mwamba akugwedezeka. Amayi ndiwo anabwera, atavala chitenje chatsopano, ndipo pamwambo wonse ankangofunsa kuti dzina langa litchulidwa liti.

Patapita miyezi anandisamutsira kusukulu ya sekondale yoyendera kufupi ndi ku Nselema. Ndinafika Lolemba m'mawa, mapepala anga ali m'envulopu, ndipo ahedi anandilandira bwino mu ofesi yawo yopapatiza. Anafunsa zimene ndinaphunzira. Ndinati meja yanga ndi Chichewa, laling'ono mbiri yakale. Anagwedeza mutu, anayang'ana pakhoma pamene panali ndandanda ya maphunziro, n'kunena kuti a Chichewa alipo kale awiri, wa mbiri yakale aliponso. Chimene chinkasowa ndi mphunzitsi wa zaulimi Fomu 1 ndi Fomu 2, amene analipo anapuma ntchito.

"Mungakwanitse, madamu?" anafunsa. "N'kongoyembekezera, mpaka atatitumizira wina."

Ndinati zaulimi sindinaziphunzire ku koleji ngakhale tsiku limodzi. Anati akudziwa, koma kwathu timalima, si choncho? Anatsegula kabati n'kundipatsa buku lakutha chikuto. Belu linali litalira kale. Ndinatuluka nalo bukulo ndikulitsegula m'njira, ndikufunafuna pamene mphunzitsi wopumayo analekezera, ana a Fomu 1 atasuzumira m'mawindo kuti aone mphunzitsi watsopano.